Dzuwa Linali la ku Matenite

Amuna anga anagwira ntchito ku mochale ya chipatala cha boma kuyambira tisanakwatirane mpaka mutu utayera. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale pachipatalapo. Ankangoti a Kuseri, chifukwa kanyumba kawo ka ntchito kanali kuseri kwa zonse, kupitirira khitchini, kupitirira kochapira, pafupi ndi dzenje lootchera zinyalala. Ine ndiye ndinasanduka Mayi a Kuseri, ndipo ndinkayankha, nanga ndikanatani.

Musaganize kuti anali munthu woopsa. Anali wamfupi, woyankhula pansipansi, wokonda tiyi wa shuga wambiri ndiponso kupolisha nsapato ngakhale palibe kopita. Analowa m'boma ngati wotchetcha udzu. Mkulu amene ankasunga mochale nthawi imeneyo atadwala, aliyense anayang'ana kumbali, iwo n'kungoti ntchito ndi ntchito. Mayi anga atamva kumene mkamwini amagwira, anakana kuwapatsa moni wa m'manja mpaka titabereka mwana woyamba. Amuna anga sanadandaule. Anthu omwalira sankawatchula mitembo, ankati alendo. Akaweruka ankasamba kawiri, n'kukhala pakhonde, n'kunena kuti, "Lero ndalandira mlendo wolemekezeka, agogo aukhondo mpaka zikhadabo."

Chuma chawo chonse kumeneko chinali firiji, chibokosi chachitsulo chachikale chokhala ndi zitseko zingapo, chimene chinkang'ung'udza usana ndi usiku. Nyumba yathu ya boma inali mumzere wa nyumba za antchito, cha kumbuyo komweko, ndipo kung'ung'udzako kunkamveka pakhonde pathu. Kukasiya, amuna anga ankasiya tiyi pakamwa. Moyo wawo wonse ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti firijiyo isazime. Ikazima nyengo yotentha, tsiku lachiwiri ntchentche zinkayamba kudziwa njira, ndipo achibale akabwera ankawayang'ana iwo ngati ndiwo awononga munthu wawo. Ndiye ankayenera kuima pakhomo, chipewa m'manja, kuwauza anamfedwa kuti nyamulani lero lomwe, pamene ana a malemuwo akadali m'mabasi. Tsiku loterolo sankadya, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndisawafunse kanthu.

Komabe kale zinkayendako. Magetsi akathima, abwana a ofesi ankalamula kuti jenereta iyatsidwe msanga chifukwa cha matenite, kumene kunali timabokosi tofunditsira ana obadwa masiku asanakwane ndi makina a mpweya. Waya wa jeneretayo unkadutsa ku matenite, kukhitchini, n'kukathera kuseri. Palibe amene ankayatsira amuna anga jenereta, ayi ndithu, koma ankapezerapo mwayi. Iwo eni ankaseka n'kumati alendo awo amadyera m'mbale ya makanda.

Tsono ndikuuzeni za asisita a ku matenite, pakuti nkhani iyi singayende popanda iwo. Tinkakhala nyumba imodzi yogawa pakati, khoma lokha kutisiyanitsa. Mayi wamtali, wa mano oyera, yunifolomu yosakhala ndi khwinya ngakhale madzulo. Sanandilakwirepo kanthu, ndipo n'zimene zinkandipweteka kwambiri. Tikapitira limodzi kumsika, ulendo waufupi unkatenga tsiku, chifukwa aliyense ankafuna kuwaonetsa mwana. "Asisita, mwamuiwala uyu? Ndi uja munamulandira nthawi ya mvula." Ena mpaka kutcha ana dzina lawo. Ine chiimire pambali ndi dengu, anthu omwewo, amene amuna anga anawasambitsira bambo awo kapena mayi awo, n'kumandidutsa maso. Asisita ankalandira anthu pakhomo lolowera, amuna anga pakhomo lotulukira, koma zikomo yense ankapita pakhomo limodzi. Nsanje ndinali nayo, sindibisa, ndipo ndinali nayo sola asanabwere n'komwe.

Sola anabwera ndi bungwe lina. Malole anatsitsa mapanelo, amisiri n'kuwayala padenga la matenite mpaka denga lonse kunyezimira. M'kachipinda kena anaikamo mabatire ndi bokosi loyera la timagetsi tothwanima, kiyi n'kupatsidwa asisita. Pa tsiku lotsegulira, anthu anasesa mpaka pansi pa mitengo, anapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, ndipo asisita anajambulidwa atanyamula khanda la eni ake, akuloza kudenga. M'mawa wa tsikulo abwana anaitana amuna anga n'kuwapempha kuti trole yawo isaoneke pakhonde mpaka alendo a bungwe atapita. Ndiye bambo wina amene anamwalira m'wodi ya amuna chakum'mawa anadikira kuseri kwa katani mpaka zoyankhula zitatha ndi zakumwa zitagawidwa. Amuna anga anakamutenga dzuwa litapendeka, n'kumupepesa njira yonse.

Ngakhale zinali choncho, madzulo ake ananena kuti ndi chinthu chabwino. Anati ana apulumuka, ndipo mwina ulendo wina tidzakumbukiridwa ifenso. Ine ndinangoti tiona.

Tinaonadi. Walira mvula walira matope. Magetsi atathima koyamba sola atabwera, amuna anga anasiya tiyi n'kutchera khutu kudikira jenereta. Zii. Ku matenite kunali kuwala, mafani akuzungulira, wailesi ikuimba. Anapita kwa woyatsa jenereta, n'kumupeza akusewera bawo pansi pa mtengo. Anati sanauzidwe. Nanga auzidwe ndi ndani, pamene amene ankathamangira ku ofesi akulira za makanda anali atakhuta? Posakhalitsa akulikulu anamva kuti chipatala chathu chili ndi sola, n'kudula dizilo amene ankatumiza. Wotsalayo anasungidwira chipinda cha opaleshoni ndi ambulansi. Sola amene anthu ankamuvinira anasiya amuna anga pamtetete.

Amuna anga anavala jekete n'kupita kwa abwana. Abwanawo sanali munthu woipa, anali munthu wotopa. Anawapatsa mpando, chinthu chimene ena sankachita, n'kuwamvetsera mpaka kumapeto.

"A Kuseri, mabungwe amasankha okha pomanga," anatero. "Ine ndimangolandira. Inuyo munaonapo munthu akujambulitsa pakhomo la mochale kuti akaonetse kwawo?"

"Nanga kungolumikiza waya kuchokera ku matenite, bwana? Si patali."

"Tinalonjeza kuti magetsi amenewo ndi a matenite okha. Tikakhudza, chikawonongeka sadzatikonzera. Pirirani, ndikuyankhulirani kulikulu."

Anapirira. Chaka chotsatira bungwe lina linaika sola ku labotale. Lina linadzaika kosungira katemera. Kenako, taonani, ku maofesi, kuti makompyuta asamazime. Bungwe lililonse ndi mapanelo ake, bokosi lake, kiyi wake, chikwangwani chake, ndipo palibe waya wa mmodzi umene unkapatsana moni ndi wa mnzake. Wa ku labotale sanakhalitse, mabatire anafa. Boma linali ndi thumba la dizilo, thumba la makandulo, thumba la sopo, koma thumba la mabatire a sola kunalibe, chifukwa amene anakonza matumbawo anawakonza sola kulibe. Mapanelo aja anangokhala padenga, mbalame kumachitirapo zake. Amuna anga anakawapempha. Anauzidwa kuti sanaperekedwe m'manja mwa boma, akadali a bungwe. Bungwelo linali litatseka kale ntchito yake n'kupita, ndiye panalibenso woti n'kumupempha.

Apa ndi pamene munthu wanga anayamba kusintha. Munthu amene sankasirira ngakhale njinga ya mnzake anagwidwa ndi nsanje ya denga. Poyamba ankazungulira njira yakutali kuti asadutse ku matenite. Kenako anasiya kuzungulira, n'kumakaima pansi pa mtengo wa pafupi, manja kumbuyo, kuyang'ana kudengako ngati munthu woyang'ana munda wa mnzake umene wacha bwino. Moni wa asisita anayamba kuyankha ndi mphuno. Kukachita mitambo masiku angapo ankadya bwino, mpaka kupempha zoonjezera, n'kumafunsa mwachinyengo kuti kaya anzathu a dzuwa zikuwayendera bwanji. Ine ndinkasonkhezera moto, ndipo sindikupepesa. Ndinkati, "Mwamva? Akuti akufuna kuwaikira ketulo ya magetsi kuti azimwa tiyi pa ntchito." Iwo ankangoti hmm, n'kupolisha nsapato yomwe anaipolisha kale.

Tsiku lina mmisiri wa bungwe anabwera kudzayendera makina a ku matenite, amuna anga n'kudzipereka kumugwirira makwerero. Ankafuna kufunsa, ndipo anafunsadi. Mmisiriyo anali wokonda kufotokoza. Anawauza kuti masiku a dzuwa, pofika masana mabatire amakhala atadzaza kale.

"Akadzaza, enawo amapita kuti?" amuna anga anafunsa.

"Sapita kulikonse, bambo. Amangotayika."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse la dzuwa."

Anabwera kunyumba nkhope itagwa. Anandibwerezera mawuwo kangapo, amangotayika, amangotayika. Ndinaona kuti mmisiri uja wawabaya pamtima osadziwa. Zimene sanafunse, ndipo mmisiriyo sananene, n'zakuti bokosi loyeralo lili ndi polekezera pa katundu amene linganyamule nthawi imodzi, ngakhale dzuwa lichuluke bwanji kumwamba.

Nyengo yotentha itafika pachimake, thiransifoma ya dera lathu inapsa. Amagetsi anati yatsopano ili m'njira, ndipo njirayo inali yaitali. Dizilo anali atatha. M'masiku omwewo ku matenite kunamwalira mayi wina wachitsikana, pobereka mwana wake woyamba, masiku asanakwane. Mwanayo anakhala moyo, kakang'ono kwambiri, n'kuikidwa m'kabokosi kofunditsira. Mayi ake anawabweretsa kuseri. Mwamuna wa mayiyo anali dalaivala wa malole a kunja, ndipo anaimba foni akulira kuti amudikire, akufuna kudzaona nkhope ya mkazi wake. Amuna anga anayesa zonse zimene ankadziwa. Anathira madzi pansi, anapachika masaka onyowa m'mawindo, anakapempha madzi oundana kwa ogulitsa nsomba, amenenso analibe. Tsiku lachiwiri anabwera masana osakhala pansi.

"Inu mayi," anatero, "mtsikanayu wachokera ku matenite. Ndi munthu wawo. Dzana lomweli magetsi aja ankamuunikira iyeyu. Lero wasintha chiyani?"

"Wamwalira," ndinayankha.

"Mwana wake ali pa magetsi, iye akuwonongeka. Dzuwa lonseli likungotayika. Tandipatsani waya wa ayironi uja."

Ndinawapatsa. Anakabwereka wina kwa akalipentala a pachipatala, wina kukhitchini, n'kuwalumikiza ndi timapepala ta pulasitiki. Inali nthawi ya chakudya cha masana, makonde ali mbee. Ine ndinali pachingwe kuyanika zovala, ndipo ndinawaona akuweramira muudzu, kuyala waya m'mbali mwa ngalande mpaka pawindo la kachipinda kotsukira ziwiya ku matenite, mmene munali soketi pafupi ndi sinki. Sanali kubisala kwenikweni. Ankayenda ngati munthu wokatenga chake chimene anabwereketsa kalekale. Kenako anabwerera kuseri chothamanga, nsapato zopolisha zija zitachita fumbi.

Ndinaimva firiji ikutsokomola, n'kuyamba kung'ung'udza. Ndinafuna kululutira. Sindinamalize n'komwe kufinya malaya amene anali m'manja mwanga, kung'ung'udza kuja kunaduka, ndipo ku matenite kunamveka kulira kwa makina, kopyoza m'makutu, kosalekeza. Mafani anaima. Ndinamva mapazi akuthamanga m'katimo, zitseko zikumenyeka, mawu a asisita akupereka malamulo osakweza. Chifiriji chakalecho poyamba kuzungulira chimakoka mphamvu zambiri mwakamodzi, ndipo chinapsereza kanthu m'bokosi loyera lija. Matenite yonse inazima, timabokosi ta makanda ndi makina a mpweya omwe.

Palibe mwana amene anamwalira, ndinene msanga. Anamwino anatulutsa tianato m'mabokosi n'kutiika pachifuwa pa amayi awo, khungu ndi khungu, n'kufunditsa. Anakunkhuniza masilinda a mpweya kuchokera ku chipinda cha opaleshoni. Koma kamodzi kaja kanalibe chifuwa choti kagonepo. Zinthu zitakhazikika pang'ono, ndinaona asisita akutuluka, akutsatira waya muudzu, dzanja limodzi litagwira pachifuwa. Anali atamasula mabatani a yunifolomu n'kukalowetsa m'kati kamwanako, n'kumanga ndi nsalu, kachipewa kokha kakuonekera pansi pa chibwano. Ndinasiya zovala n'kuwatsatira, nditakonzeka kumenya nkhondo ya pakamwa imene ndinaisunga zaka zonsezi.

Anawapeza amuna anga atakhala pa sitepe, pulagi ili m'manja. Sanawakalipire. Anaima patali pang'ono ndi chitseko, chifukwa cha mwanayo.

"A Kuseri, mukanandiuza," anatero.

"Ndikanakuuzani mukanandipatsa?"

"Ayi. Koma ndikanakuuzani kuti sizingatheke."

Amuna anga anayang'ana kachipewa kaja. "Ndi wa mlendo wangayu?"

"Ndi yemweyo."

"Akupuma?"

"Akupuma."

Anagwedeza mutu, n'kuika pulagi pansi. Asisita anapinda okha waya uja ndi dzanja limodzi n'kundipatsa ine, n'kubwerera. Nkhondo yanga inathera m'kamwa. Ndinabwerera kunyumba nditanyamula mawaya a eni ake, ndili ndi mkwiyo woti ngakhale apa, mayi ameneyu watuluka ali woyera.

Asisita sanakaneneze ku ofesi. Sikuti panafunika kutero. Bokosi loyeralo linali ndi kafoni kake m'kati, ndipo linali litauza kale eni ake kutauni kuti chinthu chachikulu chachilendo chalumikizidwa masana n'kulipsereza. Mmisiri uja anabwera m'mawa mwake ndi chitsulo chatsopano ndi nkhope ina. A bungwe anafuna kudziwa amene wachita, apo ayi sadzakonzanso kanthu pachipatalapo. Abwana asanayambe n'komwe kufufuza, amuna anga anavala jekete n'kukadzinenera okha. Mtsikana uja achibale anamunyamula tsiku lomwelo bokosi litakhomedwa. Dalaivala anafika zonse zitatha, ndipo anabwera kuseri kudzafunsa chifukwa chake sanamudikire. Amuna anga anaima chipewa m'manja, n'kumulola kuti anene zonse zimene anali nazo.

Sanawachotse ntchito. Abwana anawamenyera nkhondo kuti zisafike pamenepo, ndipo akulikulu anagamula kuti apume msanga, nthawi yawo isanakwane. Kupuma kunatanthauza kutuluka m'nyumba ya boma. Tsiku losamuka asisita anabwera kudzandithandiza kukulunga makapu m'manyuzipepala. Ndinawauza kuti makapu anga ndi ochepa, ndikwanitsa ndekha. Anaima pang'ono pakhomo n'kupita. Tinakapeza kanyumba ka lendi kutsidya kwa msewu, pamtunda, pamene madenga onse a chipatala ankaonekera.

Mukudziwa chimene chinachitika pambuyo pake? Nkhani ya waya inamveka kutali. Akulikulu anabwera kudzaona kumene wayayo unkapita, ndipo kwa nthawi yoyamba nsapato zawo zinaponda kuseri kwa khitchini. Anagwira mphuno, anapukusa mitu, anati zoterezi n'zochititsa manyazi. Patapita mvula ziwiri, malole anabweranso, ulendo uno n'kupitirira matenite, kupitirira kochapira. Anasasula denga lakale, anaika malata atsopano, mapanelo pamwamba, firiji yatsopano m'kati, mabatire akeake. Kiyi anapatsidwa bambo wina amene kale ankakankha matrole a odwala, munthu amene masiku a amuna anga ankasiya trole patali n'kuthawa, kuopa ngakhale chitseko. Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina. Anamugulira ovolosi yatsopano ndi majombo oyera, ndipo anthu anayamba kumutchula kuti a Kuseri, ngati dzinalo linali la pakhoma.

Denga latsopanolo linkaonekera bwino pakhonde pathu, likuthwanima pakati pa mitengo. Amuna anga anatembenuza mpando wawo n'kumayang'ana khoma la neba. Ankalima timasamba kuseri kwa nyumba, kupita kukagula buledi, kubwerera. Chipatala sankachitchula. Tsiku lina wolowa m'malo uja anabwera yekha, mwaulemu ndithu, atavula chipewa, kudzawaitana kuti akaone firiji yatsopanoyo. Anati, "Bambo, zonsezi zabwera chifukwa cha inu, aliyense akudziwa." Amuna anga anati miyendo ikuwawa. Munthuyo atadzuka kuti azipita, anamufunsa funso limodzi, maso ali kumbali.

"Imalira bwanji?"

"Siimveka n'komwe, bambo. Mpaka uike dzanja kuti udziwe kuti ikugwira ntchito."

"Magetsi akathima?"

"Sindidziwa n'komwe kuti athima. Ndimamvera kwa akukhitchini."

Amuna anga anati chabwino, yendani bwino. Atapita, anati, "Ndiye ntchito yake ndi yotani munthu ameneyu?" Ndinawayankha kuti ndi yovala majombo. Anaseka pang'ono, koma madzulo ake sanadye. Mpaka kumapeto sanapondeko ku mochale, ngakhale pamene ankapita kukalandira mankhwala a shuga. Ankalowera geti la kutsogolo n'kutulukira lomwelo.

Anatisiya chaka chatha, nyengo yotentha, m'wodi ya amuna, atadwala masiku ochepa. Tauni yonse inali yopanda magetsi sabata imeneyo. Mwana wathu wamkazi amagwira ntchito kutali, kunja kwa dziko, ndipo kuti apeze chilolezo ndi ulendo panafunika masiku. Ndinayamba kale kuganiza zomuuza kuti asavutike kuthamanga, sawapeza. Wolowa m'malo uja ndi amene anabwera ndi trole. Anawafunditsa bwino, n'kundiuza kuti mwana abwere mmene angathere, palibe chothamangira. Ndinayenda pambuyo pa trole njira yonse, kudutsa pakhonde la matenite. Asisita, amene tsopano tsitsi lawo layera, anatuluka n'kuima pakhomo manja atagwira kutsogolo mpaka titadutsa.

M'mawa uliwonse ndinkapita kukakhala pa benchi la panja pa mochale. Palibe amene anandituma. Akukhitchini ankaphikira pa nkhuni, maofesi ena anali mu mdima, dzuwa likuswa mtengo, koma pansi pa chitseko chija pankatuluka kamphepo kozizira kondikhudza m'mapazi. Panalibe ntchentche, panalibe fungo, panalibe masaka onyowa. Bambo wa majombo uja anali khale pampando wake, kumvera mpira pa wailesi. Ndinkamuyang'ana, mtima n'kumatentha. Ndinkapempha mumtima kuti firiji izime, ngakhale theka la tsiku lokha, kuti munthu ameneyu athamangeko, atuluke thukuta, alaweko zimene mnzake anadya moyo wake wonse. Kenako ndinkakumbukira amene ali m'katimo, thupi lonse n'kuchita tsemwe. Ndinkadzuka kupita kunyumba. M'mawa mwake ndinkabweranso, pempho lija n'kubweranso lokha.

Siinazime. Mwana anafika sabata itatha, maso atatupa, chikwama chikadali paphewa. Analowa yekha poyamba. Patapita kanthawi anatuluka n'kundigwira dzanja.

"Amayi, bwerani mudzawaone. Ali bwinobwino, ngati angogona."

Ndinalowa. M'katimo munali moyera, mozizira, mwachete. Anali bwinobwino ndithu, nkhope yawo yomwe ija, ngakhale kakhwinya ka pamphumi kanali pomwepo. Kolala ya malaya inali itapindika, ndiye ndinaikonza, zala zanga n'kuchita dzanzi ndi kuzizira. Ndinawerama kuti mwana ndi bambo uja asamve.

"Ndi yabwino, bambo," ndinawauza. "Tisanamizane, ndi yabwino."

Kenako ndinatembenuka n'kumuuza wa majomboyo kuti atseke msanga, kuzizira kungatuluke.